Nati ya pakati

Galimoto zambiri zimene Amalawi timaitanitsa ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, kenako n'kutsata msewu wa M1 kulowera kummwera. Choncho anthu a ku Chilumba amaziona zikadali zonyezimira, mapepala ali pagalasi, zisanafike kwa eni ake ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ife timazitcha zatsopano. Komatu kwawoko zidayenda kale zaka zambiri, ndipo mashoko ake amafika kuno atakula, kungoti misewu yosalala ya ku Japan inkawabisira ukalamba. Akangolawa chigawo cha pakati pa Karonga ndi Chiweta, chimene madalaivala akhala akuchidandaula kwa zaka, zonse zimaululika.

Zongodutsazo zili ndi mwayi. Tsoka lili ndi zotsalira komweko, ma Sienta ndi ma Probox amene amapakira anthu pa Uliwa kupita ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, n'kubwerera, tsiku ndi tsiku. Kumbuyo kwake kumakhala matumba a mpunga wa ku Hara ndi ku Wovwe, madengu a usipa, ufa wa kondowole, makireti a zakumwa, ndipo pamwamba pa zonsezo pamakhala munthu winanso amene dalaivala walumbira kuti akwana. Katundu yenseyu amatsamira kumbuyo. N'chifukwa chake ku Chilumba kusintha mashoko a kumbuyo ndi ntchito yobwerabwera.

Ambiri amaganiza kuti shoko ndiyo imanyamula galimoto. Chonyamula ndi sipuling'i. Shoko ntchito yake ndi kuweta sipuling'iyo kuti ikagunda dzenje isamangodumphadumpha. M'kati mwake muli mafuta ndi pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono. Tayala likakwera kapena kutsika, mafuta aja amakakamizika kudutsa m'timabowomo, ndipo kuvutikira kumeneko ndiko kumazimitsa kudumpha. Mphamvu ya mabampu imathera m'mafutamo ngati kutentha, ndiye mukaigwira shoko mutangoyenda pamsewu wa maenje mupeza ikuotcha. Mashoko ambiri a masiku ano amakhalanso ndi mpweya wa nayitirojeni wopoperedwamo mwamphamvu kuti mafuta asachite thovu. Shoko ikatha, tayala limayamba kunjanja m'malo mokakamira pansi, ndipo tayala limene lili m'malere siligwira buleki. Amene adatsikapo Chiweta galimoto itadzaza, kumbuyo kukuvina pa khoti lililonse, akudziwa chimene ndikunena. Zizindikiro zake sizibisika: mafuta ochucha m'mbali mwa shoko fumbi litamatirira, kugogoda kumbuyo, matayala odyeka mwa mabangamabanga, ndi galimoto imene mukaikanikiza pa buti n'kuisiya imapitiriza kugwedezeka m'malo mokhazikika pomwepo.

Munthu wosintha yekha mashoko pakhomo ine sindimudzudzula. Kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiyeno ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zitsulo za galimoto zonse zimachokera kunja. Kaya mwakagula ku Karonga, ku Mzuzu kapena mwaoloka Songwe mpaka ku Kyela, mumabwerako thumba litapepuka. Amene ali ndi sipanala ndi Loweruka lake akapulumutsa ndalama ya makaniko, wachita bwino. Vuto lili poti ntchitoyi ili mitundu iwiri imene imatchedwa dzina limodzi, ndipo mtundu woyamba umanamiza munthu kuti wachiwirinso amaudziwa.

Mnyamata wa nkhani yathu dzina timusungira. Ankayendetsa Probox ya bwana wina wochita malonda a mpunga, ndipo adali ndi manja abwino. Galimoto ikayamba kugogoda kumbuyo sankadikira makaniko. Ankaiimika pansi pa mtengo wa mango, kuinyamula ndi jeke, kuchotsa tayala, kumasula pansi ndi pamwamba, shoko yakale n'kutuluka m'manja, yatsopano n'kulowa. Dzuwa lisanalowe ankakhala atasamba kale. Ndalama ya makaniko ankagawana ndi bwana wake, ndipo pa siteji anzake adayamba kumutcha injiniya.

Dzinalo silidali lachipongwe, ntchito ankaigwiradi bwino. Pa Probox, monganso pa Vitz ndi pa Honda Fit, sipuling'i ya kumbuyo ili payokha, shoko payokha. Sipuling'i imakhala pakati pa ekiselo ndi thupi la galimoto, shoko imaima pambali pake. Mukachirikiza ekiselo ndi jeke mukhoza kuchotsa shoko osaikhudza n'komwe sipuling'i. Ndi ntchito ya mabawuti basi.

Asibweni ake, mphunzitsi wopuma pantchito, adali ndi Corolla yakale, ya mtundu wa AE110 umene Toyota idayamba kupanga mu 1995. Ankaitulutsa Lamulungu popita kutchalitchi, pa maliro, ndi pakutha pa mwezi popita ku Karonga. COF idali pafupi kutha, kumbuyo kukugogoda. Adagula mashoko awiri, ndalama n'kuthera pomwepo.

"Mphwanga, paja akuti ndiwe injiniya. Galimoto yangayi ikugogoda kumbuyo, ndipo ya makaniko ndilibe."

"Asibweni, musavutike, zimenezo n'zazing'ono. Mubwere nayo Loweruka. Inu muzidzamwa tiyi, ine ndizidzagwira."

Loweruka litafika, atachotsa tayala, adaona chinthu chimene sadachigwirepo. Sipuling'i idali itazungulira shoko, zonse ziwiri zili chinthu chimodzi chachitali, chimene amakaniko amachitcha strut. Ma Corolla akale, AE100 ndi AE110, adapangidwa choncho kumbuyo. Ngakhale NZE121 imene idabwera mu 2000, yomwe kumbuyo kwake kudamangidwa mosiyana, sipuling'i yake imakhalabe pa shoko. Apa mpamene mnyamatayo akadaimira n'kunena kuti izi n'zachilendo kwa ine. Koma asibweni adali atakhazikika pampando pakhonde, ana atazungulira galimoto, mkazi wa mnyamatayo akusuzumira ali kukhitchini. Munthu amene anzake amamutcha injiniya mawu oti sindidziwa amamulemera pakamwa. Akuluakulu adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Kuitulutsa strut sikudamuvute kwenikweni. Adasuntha mpando wa kumbuyo, n'kupeza manati atatu ang'onoang'ono atazungulira nati imodzi yaikulu ya pakati. Adamasula atatuwo. Pansi adamasula mabawuti awiri aakulu, adachotsa paipi ya buleki pamene idamangiriridwa pa strut, n'kusolola chinthu chonsecho chathunthu. Mpaka pamenepa sadalakwitse kanthu.

Tiime pang'ono tione chimene adali atagoneka pamchenga. Corolla imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000. Gawo lalikulu lili kutsogolo kumene kuli injini, komabe sipuling'i iliyonse ya kumbuyo imasenza makilogalamu pafupifupi 200 galimoto ili yopanda munthu: matumba anayi a mpunga a makilogalamu 50 atasanjikidwa pa chitsulo chimodzi. Sipuling'i yotere siilowa pa shoko ili yomasuka. Ku fakitale amayamba aifinya, kuivundikira ndi chitsulo cha pamwamba, n'kutseka ndi nati ya pakati ija. Strut ikatuluka m'galimoto, sipuling'i imatambasukako pang'ono, koma siifika pamene imafuna. Mphamvu yotsalayo imakhala ikukankha usana ndi usiku, ndipo chimene chaigwira ndi nati imodzi yokha. Manati atatu a m'mbali amagwirizitsa strut ku galimoto. Ya pakati imagwira sipuling'i. Maso saona kusiyana kumeneku, pakuti onse ndi manati, ndipo ali malo amodzi.

Mnyamata uja adapondetsa phazi pa sipuling'i, n'kuyamba kumasula nati ya pakati. Idatembenuka bwinobwino mpaka mzere womaliza. Kenako phwaa! Nati idapita kwake, chitsulo cha pamwamba chidakagunda chipupa cha bafa, sipuling'i n'kudumphira m'munda wa chinangwa, nkhuku zili balala. Ana adaseka mpaka kugubuduka. Asibweni nawo adaseka, akupukuta tiyi amene adatayikira pa thalauzi.

"Mwaona, asibweni? Zatuluka zokha."

Ndikaiganizira nkhaniyi, chimene chimandiwawa ndi kusekako. Sipuling'i idali itanena zonse poyera. Idaonetsa mphamvu yake, mtunda umene ingaponye chitsulo, ndi liwiro lake, popanda kuvulaza munthu. Chenjezo laulere ngati limeneli silibwera kawiri. Koma poti palibe adatuluka magazi, onse adalitenga ngati sewero.

Vuto lidaoneka pobwezera. Sipuling'i yomasuka idali yaitali kuposa shoko yatsopano, moti ngakhale anthu awiri atakanikiza ndi mawondo, ndodo ya shoko sidatulukire pamwamba kuti nati igwire. Ntchito imeneyi ili ndi chipangizo chake, spring compressor: ndodo ziwiri za mazinga zokhala ndi zokowera, zimene amazikoleka mbali ziwiri zoyang'anizana za sipuling'i n'kumamanga pang'onopang'ono mosinthana. Mnyamatayo adalibe. Ku Uliwa kudali makaniko amene ali nacho, ndipo pa njinga yamoto ndi ulendo wa mphindi zochepa. Koma kupita kumeneko kudali kuvomera pamaso pa asibweni kuti zakanika.

Nzeru idabwera ndi mnzake wa kabaza amene adaima kudzaonerera. Adati adaonapo anthu akufinya sipuling'i ndi kulemera kwa galimoto: kuiika pa jeke, kuikankhira kunsi kwa galimoto ina mpaka ifupike, n'kuimanga ndi waya. Jeke idali imodzi, ndipo ndiyo idanyamula Corolla. Choncho adasanja njerwa zowotcha pamchenga, kutsitsira Corolla pamenepo, n'kutenga jeke kupita nayo ku Probox. Sipuling'i idafupikadi. Adaimanga mbali ziwiri ndi waya wa mpanda, pamwamba n'kukulunga malinya. Atatsitsa jeke, sipuling'i idakhala chifupikire. Wa kabaza adawomba m'manja.

Waya pa sipuling'i alibe pogwira. Chitsulo cha sipuling'i n'chozungulira, chopakidwa penti yoterera, ndipo mizere yake ndi yopendekera, kotero chilichonse chomangidwapo chimafuna kutsetsereka. Waya wa mbali imodzi akangosendera kwa mnzake, mbali yosiyidwayo imatambasuka, sipuling'i imapindika, katundu yense n'kugwera pa waya mmodzi. Zimenezi sizichita phokoso, ndipo sizitenga nthawi yoti munthu n'kuphethira.

Mnyamatayo adaimika shoko yatsopano pakati pa mawondo ake, kuvekapo sipuling'i yomangidwayo, kuikapo chitsulo cha pamwamba. Ndodo idatulukira. Adawerama kuti aone mazinga bwino, nkhope ili pamwamba penipeni, zala za dzanja lamanja zikuyamba kuzungulitsa nati.

Palibe amene adaona waya akuduka. Adangomva kulira kwa chitsulo, n'kuona mnyamata ali chagada pamchenga, manja ali kukamwa, magazi akudutsa pakati pa zala. Chitsulo cha pamwamba chidamumenya pachibwano, ndipo chisanafike pamenepo chidadutsa pa zala zake.

Dalaivala mnzake ndiye adamunyamula pa Probox yomwe ija kupita naye kuchipatala cha Chilumba. Kumeneko adamutumiza ku chipatala cha boma ku Karonga, ndipo nkhani ya nsagwada idakathera ku Mzuzu Central, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Chilumba, kukwera Chiweta yense uja munthu akulephera kutseka pakamwa. Zala ziwiri zidathyoka, nsagwada idasweka, mano ena adatsala pamchenga. Kwa masabata angapo chakudya chake chidali phala lamadzimadzi. Idali nyengo yokolola mpunga, pamene Probox imapanga ndalama za chaka, ndipo bwana sakadaimika galimoto kudikira zala za munthu. Makiyi adapita kwa wina.

Mkazi wa mnyamatayo adadikirira wodwalayo mosadandaula. Tsiku lina akumumwetsa phala adangofunsa funso limodzi: "Bambo ake mwana, kodi ya makaniko ija idali zingati?" Nsagwada idali yomangidwa, choncho yankho silidabwere.

Corolla idakhala pa njerwa mpaka asibweni adakongola ndalama n'kuitana makaniko wa ku Uliwa uja, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Atafika sadayang'ane strut. Adagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto, nthawi yaitali ndithu.

"Aphunzitsi, ana aja masiku onsewa akusewera pati?"

"Pomwepa, pamthunzi wa galimotoyi."

"Tabwerani muone."

Njerwa ya pamwamba idali itang'ambika pakati, ya pansi itamira mumchenga mbali imodzi. Galimoto idali itapendekeka kale. Ngozi yachiwiri idali ikudikira nthawi yake, ndipo imeneyo sikadathera kuchipatala. Njerwa imapirira katundu akamwazikana pa khoma lonse. Chitsulo chikaikanikiza pa malo amodzi imasweka mwadzidzidzi, osayamba yapindika kuti muone. Jeke ya m'buti nayo idapangidwira kusintha tayala pamsewu, munthu ali pambali, osati kugwira galimoto munthu atalowetsa mutu ndi mapewa. Nanji pa dothi la m'mbali mwa nyanja, pamene phazi la jeke limamira pang'onopang'ono munthu ali kalikiliki ndi sipanala.

Mkuluyo adayala matabwa okhuthala pansi, kunyamula galimoto, kuikhazika pa masitandi achitsulo, n'kulowetsa tayala lochotsedwa lija kunsi kwa thupi la galimoto kuti ikati igwe igwere pamenepo. Kenako adatuma ana kukatola miyala ikuluikulu n'kupinga matayala a kutsogolo, kumaso ndi kumbuyo. Asibweni adati handibuleki ndi yokoka kale.

"Aphunzitsi, handibuleki imagwira matayala a kumbuyo. Amenewo ndi amene tawachotsa pansi."

Mfundo imeneyi ndi yaing'ono, koma anthu ambiri amene amayendetsa galimoto zaka ndi zaka saidziwa. Mukanyamula kumbuyo, handibuleki ilibenso ntchito. Chotsala ndi giya, yoyamba kapena P, ndi miyala ija.

Ndiye adatulutsa chofinyira chake. Adakoleka ndodo ziwirizo moyang'anizana, kumanga iyi pang'ono, iyo pang'ono, strut ili chigonere pansi, mutu wake utaloza kumunda kumene kulibe munthu. Ana adawathamangitsira kukhonde. Nkhope yake sidafike kutsogolo kwa sipuling'i ngakhale kamodzi. Atatseka nati ya pakati, adamasula ndodo zija mosinthana momwemo, akuonetsetsa kuti nsonga ya sipuling'i yakhala m'kamphako kake pa mbale ya pansi. Tisanamizane, chofinyira nacho chimavulaza. Zilipo zotchipa za chitsulo chofewa zimene zimapindika, zokowera zimatha kuterereka ngati mbali imodzi yamangidwa kwambiri, ndipo sipuling'i yofinyidwa siisiyidwa pansi kuti munthu akadye nsima kaye. Kusiyana kwake n'kwakuti amene wachigwiritsa ntchito zaka zambiri amachiopa, ndipo mantha amenewo ndi amene mumalipira mukamupatsa ndalama.

Adachita mbali zonse ziwiri. Poti paipi ya buleki idatsegulidwa, adatulutsa mpweya m'mabuleki, asibweni akupopa, iye akutsegula ndi kutseka kumatayala, mpaka chopondera chidalimba. Adawauza kuti akakafika ku Karonga akaonetse alayimenti, chifukwa pa galimoto ya strut mabawuti a pansi aja amakhudza m'mene tayala limaimira. Ndalama imene adatchula sikadakwana ngakhale mafuta a ulendo wa ku Mzuzu uja.

Tsono inu amene galimoto yanu ili ndi shoko payokha musanene kuti nkhaniyi si yanu. Ntchito yosavutayo nayo ili ndi misampha yake, kungoti yambiri imaluma thumba osati thupi. Waukulu ndi kumasula mashoko onse awiri nthawi imodzi galimoto ili m'mwamba. Pa galimoto zambiri zotere shoko ndiyo imaletsa ekiselo kutsika mopitirira. Mukachotsa onse, ekiselo imagwa, masipuling'i amatha kusolokamo, ndipo kulemera kwake kumalendewera pa mapaipi a mphira a buleki ndi mawaya a ABS. Paipi yokokedwa chotero ikhoza kuoneka yabwino lero n'kudzaphulika tsiku limene mwaponda buleki mwamphamvu. Gwirani mbali imodzi, jeke itachirikiza ekiselo, mumalize, kenako muwolokere mbali inayo. Koma musinthe onse awiri. Shoko yatsopano kumanzere ndi yotopa kumanja zimapangitsa galimoto kugwira pansi mosiyana pa khoti, ndipo yatsopanoyo imatha msanga chifukwa imagwira ntchito ya awiri.

Bawuti ya pansi imadutsa m'bushi ya mphira. Mukaimangitsa tayala likulendewera, ndiye kuti potsitsa galimoto mphirayo ipotoka ndipo ikhala chipotokere mpaka ing'ambike. Pakapita miyezi yochepa kugogoda kumabwerera, munthu n'kumatukwana wogulitsa kuti adamupatsa shoko yabodza. Imangeni pang'ono, kwezani ekiselo ndi jeke mpaka isenze kulemera kwa galimoto, kenako mumangitse. Ndodo yonyezimira ya shoko musaipane ndi pulayala pofuna kuti isazungulire. Kachipsera kamene mungasiyepo kamadula mphira yotsekera mafuta, shoko n'kuyamba kuchucha isanaone ngakhale dzenje limodzi. Kunsonga kwa ndodoyo kumakhala malo ake ogwirira. Ndipo musanaiveke, iimikeni chilili n'kuikanikiza ndi kuitambasula kangapo, kuti mafuta amene adasakanikirana ndi mpweya ili chigonere m'sitolo abwerere m'malo mwake.

Kunyanja chinyezi n'chambiri, ndipo mabawuti a kunsi amachita dzimbiri msanga. Athireni mafuta omasulira dzimbiri usiku, m'mawa mudzawapeze atafewa. Chimene musayese ndi moto. Amakaniko amatenthetsadi mabawuti okanika, koma pafupi ndi shoko ya gasi, mafuta ali m'kati, thanki ya petulo ili chapomwepo, lawi lamoto ndi kuitana maliro. Shoko yakale musaiponye pa dzala limene mumatentha zinyalala, ndipo ana asaitole kukaidula ndi sowo kuti apange zoseweretsa. Ngakhale yotha, mpweya uja umatha kukhalamobe.

Za mashoko oboola n'kuthiramo oyilo, amene ena amawatcha okonzedwa, ndinene mwachidule: chimene chidatha m'katimo ndi mphira ndi timavavu, ndipo oyilo watsopano sabwezeretsa zimenezo. Okaunjika ochotsedwa ku galimoto zophwasula ndi mwayi, mukhoza kupeza abwino, mukhoza kugula matenda a mnzanu. Mayina odziwika ngati KYB, Monroe ndi Gabriel alipo pamsika, komanso alipo makatoni olembedwa mayina omwewo m'kati muli zina. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Pomaliza pake ndi manati a tayala, amene anthu amawamanga podumphira pa sipanala. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota zimafuna 103 Nm, mphamvu imene mkono wa munthu wamkulu umaikwanitsa popanda phazi. Mangani modumphitsa, osati motsatana, ndipo mukayenda ulendo umodzi wa ku Karonga muwayesenso. Musanapakire munthu, yendani kaye nokha pamsewu wopanda anthu, mawindo otsegula, wailesi yozimitsa, mupondeko buleki, mumvetsere kumbuyo.

Mnyamata uja adachira. Zala ziwirizo sizipindika bwino, koma chiwongolero amagwira, ndipo patapita nthawi adapeza galimoto ina yoyendetsa. Mashoko a Probox amasinthabe yekha, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo, pakuti ntchito imeneyo amaidziwadi. Asibweni COF adaipeza. Chimene sichidabwerere msanga ndi kumasukirana kwa awiriwo. Mkuluyo amadziimba mlandu kuti adatuma mwana wa mlongo wake ntchito yoopsa pofuna kupulumutsa ndalama, mnyamatayo amachita manyazi kuti adalonjeza chimene sankachidziwa, ndipo pa maliro akakumana amalonjerana mwaulemu wopitirira muyeso.

Amakaniko a ku Uliwa, ku Nyungwe ndi m'malo ena otere, ndikupempheni chinthu chimodzi. Munthu akabwera ndi strut m'manja kuti mungomusinthira sipuling'i, musamubweze chifukwa sadabweretse galimoto yonse, ndipo musamutchulire mtengo wa ntchito yonse. Mukamubweza apita kukafuna waya.

Ndipo inu eni galimoto, musanagule kanthu, musanalonjeze munthu, gwadani kumbuyo kwa tayala muyang'ane. Dzina la galimoto lisakunamizeni, pakuti mtundu umodzi umatha kusiyana malinga ndi chaka. Ngati sipuling'i ili payokha, pezani masitandi, matabwa ndi miyala, mugwire ntchito yanu. Ngati yazungulira shoko, masulani manati a m'mbali okha, itulutseni yathunthu, iikeni m'thumba pamodzi ndi shoko yatsopano, mukwere kabaza kupita kwa amene ali ndi chofinyira. Nati ya pakati akamasule iyeyo.